Kamasiki ka Mzime

Pantchito ankamuitana kuti Amayi, poti ndiye anali mkulu wa onse otumikira anthu m'ndegemo, koma bambo ake sanasiye kumutchula kuti Chisamba ngakhale imvi zinali zitayamba kusuzumira m'mbali mwa makutu. Mlongo wake wamng'ono, amene ena onse ankamuti a Kaputeni, kwa mdalayo anali Mzime basi. Ana awiri, onse odyera mlengalenga, koma wowabereka asanapondemo m'ndege chibadwire. Anali telala, ndipo ankati munthu amene wakalambira pamakina osokera, phazi lili pansi, sangakhulupirire chinthu chimene chayedzamira mphepo.

Anawanyengerera mpaka pakamwa kuuma. Anadzavomera okha mayi atamwalira, mtima nawo utayamba kuwavuta.

"Ndikwereko ndisanafe," anatero. "Ndikaone ngati mumagwiradi ntchito kapena mumangotchena."

Chisamba anapempha anzake kusinthana masiku mpaka iye ndi Mzime anagwera ulendo umodzi. Adokotala analola, bola mankhwala akhale m'thumba. Ndiye tsikulo, dzuwa lili phwee, mdala analowa m'ndege atavala suti yosoka yekha, nakhala mpando wa m'mbali mwa kanjira, mizere ingapo kuchokera kutsogolo. Asanamange n'komwe lamba, mayi amene anakhala pawindo anali atamva kale kuti woyendetsa ndegeyo ndi mwana wawo, ndipo anasiya kukodza pogona mochedwa.

Anthu okwera ndege samvera malangizo, izi aliyense wogwira ntchitoyi amadziwa. Iwe ukulankhula za moyo wawo, iwo ali pafoni. Koma tsikulo Chisamba akufotokoza pachinkuzamawu za malamba, za zitseko, za timasiki timene timagwa kuchokera kudenga mpweya ukathawa, anaona munthu mmodzi atatchera khutu ngati ali m'tchalitchi, akugwedezera mutu pa liwu lililonse. Anachita kuluma mlomo kuti asaseke.

Ndege itakhazikika pamwamba pa mitambo, anawapatsira tiyi.

"Wamadzimadzi," anatero mdalayo atalawa. "Nanga Mzime wadya?"

"Ababa, ndi munthu wamkulu ameneyo, ali ndi ana akeake."

"Wamkulu kwa iwe. Mwamutsekera m'kachipinda ngati nkhuku yofungatira mazira. Ali ndi ndani mmenemo?"

"Ali ndi mnzake womuthandiza. Chitsekocho sichitsegulidwa tikanyamuka, ndi lamulo. Imwani tiyi."

Anabwerera kukakhitchini ka kutsogolo akupukusa mutu. Mwana sakulira nakubala. Anali atangokankhira tolole ya makapu m'malo mwake pamene kumbuyo kwa ndege kunamveka phuu!

Makutu ndi amene anayamba kumva, ngati wina wawalasa ndi singano mbali zonse ziwiri. Kenako mphepo. Katani yotchinga kakhitchini inayamwidwira m'kanjira, mapepala ndi timakapu balala kuthamangira kumbuyo, ndipo m'ndege monse munadzaza nkhungu yozizira, yoti sungaone mzere wachitatu. Kudenga kunalira khwa khwa khwa, timasiki tachikasu n'kugwa tonse pamodzi, tili lendelende.

Chisamba sanaganize, thupi ndi limene linakumbuka. Chaka chilichonse ankawabwereza zomwezo: gwira kamasiki kali pafupi, koka, vala, khala pansi, manga lamba, usanyamuke mpaka Kaputeni atanena. Pamwamba ngati pamenepo munthu wopanda mpweya sachedwa. Samva kuwawa, amangopusa, n'kumwetulira, n'kugwa. Wotumikira amene wadzuka kuti athandize ena amangowonjezera mtolo wogona m'kanjira. Anadziponya pa kampando kake pafupi ndi khomo, nakoka malamba.

"Kokani! Valani! Mangani malamba!" anakuwa, koma kamasiki kanameza mawu onse.

Mphuno ya ndege inaloza pansi. Chilichonse chinayamba kunjenjemera, mano omwe. Uyo ndi Mzime, anadziuza, wavala yake, akutitsitsa kumene kuli mpweya. Anthu ankalira, ena akuitana Mulungu, ena amayi awo, fungo la chinthu chopserera lili ponseponse. Fungolo ankalidziwa, ndi la timabotolo topanga mpweya tikatentha, silinamuopse. Chimene chinkamudya chinali chimodzi. Anasendera mpaka malamba anamuluma m'mapewa, nasuzumira m'kanjira.

Nkhungu inali ikutha. Anawaona. Ababa anali atavala kamasiki bwinobwino, kalamba kali kuseri kwa mutu, kuposa anyamata a masuti amene ankangokagwira pachibwano. Zikomo Ambuye, zikomo. Khalani choncho, musagwedezeke.

Mdala anamasula lamba.

Chisamba anaona zonse ngati munthu woonera nyumba yake ikupsa ali tsidya lina la mtsinje. Pamzere wawo panali kamasiki kotsala, kopanda mwini. Anakagwira ndi manja onse awiri, manja aja ozolowera kung'amba nsalu, n'kukakoka mpaka kapaipi kanaduka. Anaimirira. Kapaipi ka kamasiki kawo kanakana kutalika, ndiye anangokavula, n'kukasiya kali lende. Nayamba kutsetsereka ndi kanjira, dzanja limodzi likugwira mitu ya mipando, linalo litakumbatira kamasiki kodukako pachifuwa.

"Ababa! Khalani pansi! Ababa, bwererani!"

Anavula kake kuti mawu atuluke, koma chiphokoso cha mphepo chinawatenga. Mdalayo sankayang'ana n'komwe kwa iye. Maso anali pa chitseko chotseka chija. Anadutsa mzere umodzi, wina, miyendo ikuyamba kupota, dzandidzandi ngati woledzera, kenako maondo anapinda. Anagwa chafufumimba, mutu n'kuomba chitsulo cha mpando.

Mayo ine! Anali pafupi poti ukanawaponyera supuni ikanawagunda, koma kapaipi ka Chisamba kanali kafupi ngati chingwe cha mbuzi. Lamulo linkati khala. Iye mwini anali atakalipirapo atsikana angati chifukwa chodzuka msanga pa zoyeserera? Anapuma kwambiri kangapo, namasula malamba. Botolo la mpweya lonyamula pamanja linali m'kabati pamwamba pa mpando wake. Zala zinali ngati zobwereka, chotsekera chikuterereka, maso ayamba kuchita mdima m'mbali. Linatuluka. Analitsegula, navala masiki yake, nakwawa chokwera, poti ndege inali itaweramira kutsogolo, botolo likumugunda m'nthiti.

Anawatembenuza. Pachipumi panali magazi, milomo ili bii. Anavula masiki ya botolo n'kuwaphimba nayo pakamwa ndi pamphuno, iye n'kutambasula dzanja kugwira kamasiki kotsala ka mzere umenewo.

"Pumani, Ababa. Pumani, ndapota nanu."

Zikope zinagwedezeka. Anamuyang'ana nthawi yaitali asanamuzindikire. Dzanja linadzuka pang'ono, likumupatsa kanthu kachikasu kaja, kapaipi kake kali lende, kosalumikizika kulikonse.

"Unanena wekha," anatero, mawu akutuluka pansi pa masiki. "Uyambe wavala iwe, kenako mwana. Ine ndavala. Kamupatse."

"Ali nayo yake, Ababa! Ali nayo yabwino kuposa yathu!"

"Ali yekha mmenemo."

Maso anatembenuka, mutu n'kugwera kumbali.

Ndege inadzutsa mphuno. Chisamba anaganiza kuti afika pansi pokwanira, koma chinkuzamawu chinalira, ndipo mawu a Mzime anamveka ngati ochokera m'chidebe. Anati pansi pali mapiri, sangatsike kuposa apa mpaka atawadutsa, aliyense asavule kamasiki. Mawu odekha, a munthu wodziwa ntchito yake. Chisamba anafuna kukamenya chitseko chija ndi botolo. Ankadziwa kuti timasiki ta anthu sitikhalitsa, ndipo ankamva pansi pa zala zake, m'khosi mwa bambo ake, mtima ukugunda mosokonekera, kuthamanga, kuima, kuthamanganso. Anagwada pomwepo, maondo ali pa zidutswa za makapu, akuwerenga kupuma kwawo ndi maso. Mayi wina pampando wa pafupi anamugwira phewa, akulozera khanda lake limene linali litasiya kulira. Chisamba anakonza kamasiki pankhope ya khandalo ndi dzanja limodzi, linalo osachoka pakhosi pa mdala. Khandalo linatsokomola n'kuyambanso kulira.

Kenako anatsikanso, makutu akuphulika, ndipo m'ndege munayamba kufunda. Mzime analengeza kuti tsopano atha kuvula.

Woyamba kufika kuchokera kumbuyo anali Wamtali, amene anagwira naye ntchito zaka zambiri, munthu woti akamayenda m'ndege amaweramitsa mutu. Anangoyang'ana suti ija n'kudziwa.

"Amayi, si bambo anu awa?"

"Gwira miyendo."

Anawanyamulira m'kakhitchini, nawagoneka pansi pakati pa makabati, n'kukoka katani. Malowo anali opanikiza, mapazi a mdala anatulukira kunja. Kuseri kwa khoma limene mutu wawo unatsamira kunali mpando wa Mzime. Wamtali anafunsa pachinkuzamawu ngati munali dokotala kapena namwino. Zii. M'ndege yodzaza chonchi, wopanda ngakhale wobaya ng'ombe jakisoni! Anatulutsa makina odzutsa mtima, Chisamba n'kung'amba malaya, mabatani ali mbwee pansi.

Foni ya pakhoma inalira.

Anaiyang'ana. Inaliranso. Anapukuta manja pa siketi n'kuinyamula.

"Amayi, tiuzeni za kumbuyoko." Pantchito ankaitanana choncho.

"A Kaputeni, zitseko zili bwino. Kumbuyo kukumveka mphepo pansi, sitikuona pamene paboka. Ovulala pang'ono alipo, makutu ndi mphuno." Anayang'ana pansi pamene bambo ake anagona. "Wokwera mmodzi, bambo wachikulire, wakomoka. Akupuma movutikira, mtima ukugunda mofooka. Dokotala mulibe."

"Chabwino. Mvetserani. Kuseri kwa phiri ili kuli kabwalo kakang'ono, tikhoza kuterapo posachedwa, m'tauni mwake muli chipatala. Koma msewu wake ndi waufupi, mphepo ikuomba chopingasa, ndegeyi ndi yolemera, ndipo sindikudziwa chimene chathyoka kumbuyoko. Bwalo lalikulu lili patali ndithu, koma kuli zonse, ozimitsa moto, msewu wautali. Munthuyo apirira?"

"Sindikudziwa."

Ankadziwa. Milomo ija inali isanabwerere mtundu.

Mawu atabweranso sanali a Kaputeni. Anali a kamnyamata kamene Chisamba anakabereka kumsana mpaka miyendo yake inkamugunda m'maondo.

"Achemwali. Ababa ali bwanji?"

Chisamba anatseka maso. Iye ankamudziwa mlongo wakeyu kuposa mmene mkazi wake yemwe ankamudziwira. Pa munthu wachilendo, Mzime akanayeza zonse mofatsa n'kusankha choyenera. Pa Ababa sakanayeza kanthu. Akanakhotetsa ndegeyo nthawi yomweyo, n'kukaiponya pa kamsewu kafupi kaja pakati pa mapiri, mphepo ikankhe isakankhe, ndipo mnzake womuthandiza uja akanalankhula ngati akulankhula ndi mwala. Mwina akanatera bwino. Mwina Ababa akanafika kuchipatala akupuma. Mwina. Kuseri kwa katani khanda lija linali likulirabe, wina akusanza, wina akuimba nyimbo ya kutchalitchi ndi mawu onjenjemera. Wamtali anali atagwada, akumuyang'ana m'maso.

Mulungu wanga, bwanji mwandisiyira ine?

"Ali pampando pawo," anatero. Mawu anatuluka osalala mpaka iye mwini anachita mantha. "Akufunsa ngati wadya."

Mzime anaseka, kuseka kwa munthu amene watula katundu.

"Mdala ameneyo! Muwauze kuti ndikuwafikitsa." Kenako mawu a ntchito anabwerera. "Tikupita ku bwalo lalikulu. Ambulansi ikatidikira. Chitani zonse zimene mungathe pa munthuyo, Amayi."

"Tamva, a Kaputeni."

Anabweza foni. Dzanja linakana kuisiya mpaka Wamtali anamuitana.

"Amayi, asiya kupuma."

Ulendo wotsalawo Chisamba anauyenda ali chogwada. Manja pachifuwa, kukanikiza, kukanikiza, Wamtali akupopera mpweya, kenako kusinthana. Makina aja ankalankhula ndi mawu a mzimayi wosadziwa chisoni, akuti musamugwire wodwala, akuti pitirizani. Anawagwedeza kamodzi, thupi n'kudumpha, kenako sanafunenso. Pansi pa zikhatho zake china chinathyoka, nthiti, koma anapitiriza poti anaphunzitsidwa kuti zimatero. Thukuta linkagwera pa suti ija. Ankawakalipira ngati mwana.

"Munauzidwa ndi ndani kuti mudzuke? Aliyense wakhala pansi, inu nokha! Simumva, Ababa, chikhalire simumva! Dzukanitu. Mwamva zimene wanena? Akuti akukufikitsani. Mukufuna ine ndikamuuze chiyani? Dzukani, ndikupangirani tiyi wina, wa mkaka weniweni. Ababa!"

Ena otumikira ankabwera kudzafunsa zochita, iye n'kumayankha osadzutsa mutu: sonkhanitsani zakugwa, onani malamba, asunthireni kutsogolo a kumbuyo kwenikweni. Pawindo laling'ono la chitseko mapiri anatha, kunabwera minda, misewu, madenga. Ndege inkayenda pansipansi, pang'onopang'ono, moti munthu ukanalumbira kuti yaima. Nthawi ina anaganiza zonyamula foni ija n'kunena zoona. Koma kabwalo kaja kanali katatsalira kale m'mbuyo, ndipo chimene chinatsala chinali kuteretsa ndege yoboka. Zimenezo zinkafuna munthu wa maso ouma.

Belu linalira kawiri. Mawu a Mzime: otumikira onse akhale pansi, tikutera.

Chisamba sanasiye.

"Amayi," anatero Wamtali. "Tikhale."

"Pita iwe."

"Khomo ili ndi lanu. Ikakapsa ndegeyi potera, atsegule ndani? Anthu onsewa atulukire pati?"

"Ndikasiya apa ndiye kuti basi!"

"Ndikudziwa, Amayi."

Anamugwira m'mikono n'kumudzutsa, ndipo Chisamba anamumenya pachifuwa ndi chibakera, kamodzi, kenako manja anagwa. Anatchinjiriza mdalayo ndi mabulangete ndi mapilo, namumangirira ku miyendo ya kabati ndi malamba owonjezera. Chisamba anakhala pa kampando kake, namanga malamba, maso ali pa khomo monga mwa ntchito. Anavula nsapato imodzi, natambasula mwendo mpaka phazi linakhudza mwendo wa bambo ake. Unali wofundabe.

Matayala anatuluka ndi chiphokoso. Nyumba zinakula, mpanda unadutsa, kenako msewu wakuda. Ndege inakhudza pansi mofewa, moti makapu otsala m'kabati sanalire n'komwe. Chikhalire Mzime anali asanaterepo bwino chonchi. Anthu anaomba m'manja, nthungululu, kulira, kukumbatirana ndi anthu osawadziwa. Magalimoto ofiira ankathamanga m'mbali.

Ndege isanaimiretu, Chisamba anali atagwada kale, akukanikizanso. A ambulansi atakwera anachita kumuchotsapo. Anagwira ntchito yawo mwachangu, jakisoni, mapaipi, makina awoawo, kwa kanthawi ndithu. Kenako wamkulu wawo, mayi wonenepa wa magalasi, anakhala pa zidendene zake n'kuvula magolovesi. Anayang'ana yunifolomu ya Chisamba, nalankhula naye ngati mnzake wa pantchito.

"Mwayesetsa, asisi. Tikanamupeza msangako, mwina."

Anthu anatulutsidwira khomo la kumbuyo. M'ndege munatsala zii, timasiki tili lendelende mzere wonse, nsapato ya wina ili m'kanjira. Chisamba anatseka malaya a mdalayo mmene akanathera popanda mabatani, napukuta magazi a pachipumi ndi kansalu konyowa, nakoka bulangete. Kuseri kwa khoma ankamva Mzime ndi mnzake akuzimitsa zinthu chimodzichimodzi, wina akutchula, wina akuvomera. Injini zinali zitazima kale.

Foni inalira. Wamtali anatambasula dzanja, koma Chisamba anapukusa mutu n'kuinyamula yekha.

"Amayi, a pansi andiuza kuti wokwera uja sizinayende." Mawu anali otopa, aulemu. "Pepani, ndikudziwa kuti munalimbana nazo. Ndinasankha ndine kubwera kuno, ndiye ndikufuna ndikaonane ndi abale ake ndekha, asamve kwa wina. Ababa muwauze andidikire pang'ono. Kodi anali ndi abale m'ndege muno?"

Chisamba anatsamiritsa chipumi pa chitseko chozizira chija.

"Anali nawo," anatero. "Awiri. Tsegula, Mzime."